MARLENE DIETRICH: WOIMBA AMENE ANAKANA KUIMBIRA HITLER

Pa mndandanda wathu wa nkhani za anthu otchuka a m'maiko akutali, lero tafika ku Germany, ndipo mwa onse amene akutimvera tikupereka moni wapadera kwa ana a ku Mlolo, m'boma la Chadiza. Nkhani ya lero ndi ya mai wina woimba ndi wochita masewero a pa kanema, dzina lake Marlene Dietrich.

Kapena mufunsa kuti, "Nanga ife atikhudza bwanji woimba wa ku Ulaya amene anamwalira tisanabadwe?" Tayambani mwaganiza za kwanu komweko. Amai akamasinja pamtondo, nyimbo imene amaimba si yongothandiza kuti munsi ugwe bwino ai. Kawirikawiri m'nyimbomo mumakhala chidzudzulo cha mwamuna waulesi, kapena dandaulo la mtengwa amene apongozi akumzunza, mau amene munthu sangathe kuwanena maso ndi maso. Motero mukudziwa kale kuti nyimbo ili ndi mphamvu. Olamulira maiko naonso amadziwa zimenezi, ndipo ndicho chifukwa chake amafuna kuti oimba akhale kumbali yao. Tsono funso lathu lero ndi ili: kodi woimba achite chiyani pamene wolamulira dziko lake ali munthu wankhanza, ndipo akumuitana kuti adzamuimbire?

Marlene anabadwa pa 27 Disembala 1901 ku Schöneberg, dera limene pambuyo pake linakhala mbali ya mzinda wa Berlin. Dzina limene anapatsidwa linali Marie Magdalene, koma akali mtsikana analumikiza chiyambi cha dzina loyamba ndi mapeto a lachiwiri, napanga lakuti Marlene. Atate ake anali mmodzi wa akulu a polisi, ndipo anamwalira iye asanakwanitse zaka 7. Amai ake anakwatiwanso ndi mkulu wina wa asilikali, koma nayenso anafa ndi mabala a pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba. Choncho Marlene ndi mkulu wake wamkazi analeredwa ndi amai ao, a Josephine, munthu wa mwambo wolimba, amene anaphunzitsa ana ake kulimbikira ntchito ndi kusaonetsa misozi pamaso pa anthu.

Poyamba mtsikanayu sanali kuganiza za kanema. Anali kuphunzira kuliza vayolini, choimbira chimene amachiliza ndi kauta monga kaligo wa kwathu, koma chokhala ndi zingwe zinai. Anavulala pamfundo ya dzanja, ndipo chiyembekezo chakuti adzakhale katswiri wa vayolini chinathera pomwepo. Masiku amenewo kanema, amene makolo athu ankamutcha baisikopo, anali wosalankhula, kotero kuti kagulu ka oimba kankakhala kutsogolo n'kumaliza zoimbira pamene zithunzi zinali kuyenda. Marlene anapeza ntchito m'kagulu kotere mu 1922, koma anachotsedwa patangopita milungu yowerengeka. Kenaka anayamba kuvina m'magulu a atsikana ndi kuchita mbali zing'onozing'ono m'masewero. Mu 1923 anakwatiwa ndi Rudolf Sieber, ndipo chaka chotsatira anabereka mwana wake mmodzi yekha, Maria. Kwa zaka zingapo anali mmodzi chabe mwa atsikana ambirimbiri ofunafuna mwai m'Berlin.

Mwaiwo unafika mu 1929, pamene kanema wolankhula anali atangoyamba kumene. Mkulu wina wopanga kanema, Josef von Sternberg, anabwera kuchokera ku America kudzapanga kanema wotchedwa Der blaue Engel, wochokera m'buku la mlembi Heinrich Mann. Nkhani yake ndi ya mphunzitsi wina wachikulire ndi waukali, amene anamva kuti anyamata a m'kalasi mwake amapita usiku ku nyumba ya mowa ndi magule. Anapita kuti akawagwire, koma iye mwini anakodwa m'chikondi cha woimba wa m'nyumbamo, Lola Lola. Anataya ntchito, nakwatira mkaziyo, ndipo potsiriza anasanduka chinthu choseketsa anthu, nafa mwamanyazi. Mbali ya mphunzitsi anapatsa Emil Jannings, amene anali wotchuka kale pa dziko lonse. Mbali ya Lola anapatsa Marlene, ndipo nyimbo zake anapeka ndi Friedrich Hollaender.

Mau a Marlene sanali okwera kapena amphamvu monga a oimba ophunzitsidwa bwino. Anali otsika, osasa pang'ono, ndipo ankaimba monga ngati akulankhula ndi munthu mmodzi yekha. Koma anthu ataona kanemayo ku Berlin pa 1 Epulo 1930, anatuluka akukamba za Lola, osati za mphunzitsi. Usiku womwewo Marlene anakwera sitima ya pamtunda kupita ku doko, ulendo wa ku America, kumene kampani ya Paramount inali itamlemba ntchito. Paja akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ku Hollywood anachita makanema monga Morocco mu 1930 ndi Shanghai Express mu 1932, ndipo onse amene anapanga ndi Sternberg anakwana 7. Anthu anadabwa kumuona atavala buluku ndi jekete zachimuna pa nthawi imene akazi sankavala zotere. Posakhalitsa anakhala mmodzi wa akazi olandira malipiro aakulu koposa pa ntchito ya kanema.

Iye ali kutali choncho, kwao kunasintha. Pa 30 Januwale 1933 Adolf Hitler, mtsogoleri wa chipani cha Nazi, anatenga ulamuliro wa Germany. Chipanichi chinali kuphunzitsa kuti Ajeremani ndiwo mtundu wopambana mitundu yonse, kuti anthu akuda ndi otsika, ndipo kuti Ayuda ndiwo gwero la mavuto onse a dziko. Hitler anaika wailesi, manyuzipepala, masewero ndi kanema m'manja mwa nduna yake, Joseph Goebbels, kuti chilichonse chimene munthu angamve kapena kuona chizitamanda chipani.

Kuti mumvetse mmene zinthu zinalili, tatsatani anthu anai amene anagwira ntchito ndi Marlene pa kanema uja, kapena amene ntchito yao inalowamo. Heinrich Mann, mwini buku, anathawira ku France mu 1933, ndipo mabuku ake anali pakati pa amene anatenthedwa poyera ku Berlin pa 10 Meyi chaka chomwecho. Friedrich Hollaender, wopeka nyimbo, anali wa mtundu wa Ayuda, ndipo nayenso anathawa, nakafika ku Hollywood. Kurt Gerron, amene anachita mbali ya wamatsenga m'kanemamo, anali Myuda. Anathawira ku Netherlands, koma asilikali a Hitler anampeza komweko, ndipo anaphedwa ku ndende ya Auschwitz mu 1944. Emil Jannings yekha anakhala, nalandira ulemu kwa Goebbels, nachita makanema otamanda maganizo a chipani, monga Ohm Krüger wa 1941, wokamba za nkhondo ya Maburu ndi Angerezi ku South Africa. Kanema mmodzi, koma njira zinai: kuthawa kwa wolemba, kuthawa kwa woimba, imfa, ndi kugwadira wolamulira.

Nanga Marlene? Iye sanali Myuda, ndipo palibe chimene chikadamletsa kubwerera. Goebbels anamfuna kwambiri, pakuti panalibe Mjeremani wina wamkazi wodziwika pa dziko lonse monga iye. Pamene anali ku London kupanga kanema cha m'ma 1936 ndi 1937, amithenga a boma la Hitler anamfikira ndi malonjezo a ndalama zambiri ndi ulemu waukulu ngati atabwerera kwao. Tiyenera kuzindikira kuti chiyeso chimenechi chinafika pa nthawi yovuta. Ku America mbiri yake inali kutsika, ndipo mu 1938 eni nyumba za kanema anamuika pa mndandanda wa akatswiri amene makanema ao sanali kubweretsanso phindu. Kuonjezera apo, amai ake ndi mkulu wake anali ku Germany, m'manja mwa boma lomwelo limene anali kulikana. Komabe anakana. Mu 1937 anapempha kuti akhale nzika ya America, ndipo mu 1939 pempholo linaloledwa. Manyuzipepala a chipani anamnyoza kuti wagulitsa dziko lake kwa Ayuda. Chaka chomwecho cha 1939 mbiri yake inakweranso ndi kanema wotchedwa Destry Rides Again.

M'zaka zimenezo Marlene anathandiza anthu ambiri othawa ku Germany, powapatsa ndalama, chakudya ndi pogona, ndi powafunira ntchito. Musaganize kuti othawawo anapita ku America kokha. Mabanja ena a Ayuda anafika m'dziko lathu lino, limene pa nthawiyo linali kutchedwa Northern Rhodesia. Mmodzi wa ana ao anali Peter Fraenkel, wobadwira ku Breslau, amene anafika ndi makolo ake mu 1939. Atakula anagwira ntchito pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950, pamodzi ndi woimba wathu wotchuka Alick Nkhata, ndipo analemba buku la mbiri ya ntchitoyo lotchedwa Wayaleshi. Mukuona tsono kuti nkhanza za Hitler zinaponya anthu mpaka pakhomo pathu.

Nkhondo Yaikulu Yachiwiri inayamba mu Sepitembala 1939, ndipo sinatisiye ife. Anyamata a dziko lino analowa gulu la Northern Rhodesia Regiment. Anamenyana ndi Mataliyana, abwenzi a Hitler, ku Tug Argan m'dziko la Somaliland mu Ogasiti 1940, ndipo pambuyo pake anakamenyana ndi Ajapani ku Burma. Wailesi ya ku Lusaka inayamba mu 1941, ndipo ntchito yake yoyamba inali kuuza anthu za nkhondoyo ndi za ana ao amene anali kutali. Ku Ulaya nako wailesi inali chida cha nkhondo, ndipo pali nyimbo imodzi imene mbiri yake muyenera kuidziwa.

Nyimboyo ndi Lili Marleen. Mau ake analemba Hans Leip, msilikali wa Germany, mu 1915. Norbert Schultze anawaika m'maimbidwe mu 1938, ndipo mai wina, Lale Andersen, anaijambula pa mbale ya galamafoni mu 1939. Imakamba za msilikali amene akukumbukira bwenzi lake limene ankakumana nalo pansi pa nyale, pa chipata cha kampu. Poyamba sinagulidwe kwenikweni. Koma mu 1941 wailesi ya asilikali a Germany ku Belgrade inayamba kuiulutsa usiku uliwonse, nthawi itatsala pang'ono kukwana 10 koloko. M'chipululu cha kumpoto kwa Africa, asilikali a Germany ankaimvera, ndipo adani ao, asilikali a Britain, ankaimveranso m'mahema mwao. Goebbels sanaikonde, chifukwa sinali kulimbitsa munthu mtima wakupha, koma kumkumbutsa kwao. Nyimbo ya kulakalaka kumudzi ilibe mbendera.

America italowa nkhondo mu Disembala 1941, Marlene anayendera mizinda yambiri kupempha anthu kuti abwereke boma ndalama zoyendetsera nkhondo. Mu 1944 anavala yunifolomu napita kukasangalatsa asilikali, kuyambira ku Algeria, kenaka ku Italy, France, Belgium, mpaka m'Germany momwe. Ankaimbira pamwamba pa malole ndi m'zipatala za ovulala, nagona m'nyumba zogumuka m'nyengo yozizira koopsa, nthawi zina pafupi kwambiri ndi pamene mizinga inali kulira. Luso lake la vayolini silinapite pachabe, pakuti ankaseketsa asilikali poliza sowo yochekera matabwa ndi kauta. Anajambulanso nyimbo m'Chijeremani, pamodzi ndi Lili Marleen, zimene zinkaulutsidwa pa wailesi kulunjika kwa asilikali a Hitler kuti mitima yao ifooke. Taganizirani kulemera kwa chinthu ichi: asilikali amene iye anali kuwalimbikitsa anali a mbali yomweyo imene ndege zake zinali kuponya mabomba pa mzinda umene amai ake anali kukhalamo.

Nkhondo inatha ku Ulaya mu Meyi 1945, ndipo dziko lonse linaona zimene chipani cha Nazi chinachita: Ayuda pafupifupi mamiliyoni 6 anali ataphedwa, pamodzi ndi anthu ena ambiri. Marlene anamva kuti mkulu wake ali ku Bergen-Belsen, malo a ndende imodzi yoopsa, ndipo anathamangirako. Anapeza kuti mkulu wakeyo sanali mkaidi ai. Iye ndi mwamuna wake anali kuyendetsa nyumba ya kanema yosangalatsa asilikali a Germany m'kampu yoyandikana ndi ndendeyo. Bala limeneli silinapole, kotero kuti m'zaka zotsatira Marlene sankamtchula mbale wakeyo poyera. Amai ake anawapeza ali moyo ku Berlin mu Sepitembala 1945, koma anamwalira mu Novembala chaka chomwecho. Emil Jannings uja sanaloledwenso kuchita kanema, ndipo anamwalira mu 1950. Marlene analandira mendulo yaulemu kuchokera ku America mu 1947, ndi inanso kuchokera ku France.

Pambuyo pa nkhondo anachitabe makanema ena abwino, monga Witness for the Prosecution mu 1957 ndi Judgment at Nuremberg mu 1961, wokamba za milandu ya oweruza a boma la Hitler. Koma popeza nyimbo imodzi sachezera gule, kuyambira 1953 anatembenukira ku ntchito yoimba yekha pa nsanja, ali ndi zaka zopitirira 50, nayendera maiko ambiri kwa zaka zoposa 20.

Ulendo wovuta koposa unali wa mu Meyi 1960, pamene anabwerera kukaimba ku West Germany. Ambiri anamlandira ndi manja awiri, koma ena anaima panja pa nyumba zoimbiramo atanyamula zikwangwani zomuuza kuti abwerere kumene wachokera. Ku Düsseldorf mtsikana wina anamlavulira. Kwa anthu amenewa iye anali wogulitsa dziko, kapena kuti kapirikoni, monga makolo athu ankanenera m'masiku a chitaganya. Koma pali kusiyana kumene muyenera kukuona bwino. Kapirikoni anali munthu wogwirizana ndi opondereza kuti iye adyepo. Marlene anakana opondereza, ndipo anataya nazo kwao. Mmodzi wa amene anamlandira ndi ulemu anali Willy Brandt, mkulu wa mzinda wa West Berlin, amene nayenso anathawira ku Norway mu 1933, ndipo anthu ena anamtchanso wogulitsa dziko. Chaka chomwecho Marlene anakaimba ku Israel, dziko lokhala ndi anthu ambiri opulumuka m'ndende za Hitler. Kumeneko Chijeremani sichinali kumveka pa nsanja, koma iye anaimba nyimbo zina m'chinenero cha amai ake, ndipo anthu anamlola, pakuti anadziwa mbali imene anaima pa nthawi ya tsoka lao.

Mu Sepitembala 1975 anagwa pa nsanja ku Sydney, m'dziko la Australia, nathyoka fupa la m'ntchafu, ndipo kuimba pa gulu kunathera pomwepo. Zaka zake zotsiriza anakhala m'nyumba ina ku Paris, osatuluka, osalola kujambulidwa, chifukwa sanafune kuti anthu aone ukalamba wake. Pamene Maximilian Schell anapanga kanema wa mbiri yake, amene anatuluka mu 1984, analola kuti atenge mau ake okha. Sitikunena kuti anali munthu wopanda chilema. Anali wonyada ndi wovuta kukhala naye. Iye ndi mwamuna wake anakhala kosiyana zaka zambiri ngakhale kuti ukwati sunathe, ndipo mwana wake analemba buku losonyeza kuti kukula m'manja mwa mai wotere kunali kowawa. Koma pa funso lalikulu la m'nthawi yake anayankha molungama, pamene anthu ambiri ophunzira ndi aulemu analephera.

Anamwalira ku Paris pa 6 Meyi 1992, ali ndi zaka 90. Monga mwa kufuna kwake, mtembo wake anaunyamula kupita nao ku Berlin, kumene anauika m'manda a ku Friedenau, pafupi ndi amai ake. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ulemu wa kwao unabwera mochedwa: mu 1997 bwalo lina la m'Berlin linatchedwa dzina lake, ndipo mu 2002 mzindawo unampatsa ulemu wa nzika yolemekezeka, patapita zaka 10 ali m'manda.

Nkhani yotere si ya ku Ulaya kokha. Miriam Makeba, woimba wa ku South Africa, anakanizidwa kubwerera kwao mu 1960 pamene anafuna kukaika maliro a amai ake. Mu 1963 analankhula ku United Nations motsutsa tsankho la boma la dziko lake, ndipo nyimbo zake zinaletsedwa kwao. Anabwerera mu 1990, patapita zaka zoposa 30. Inunso a ku Mlolo, amene mukhala pafupi ndi malire, simufunika kuuzidwa tanthauzo la kusiya kwanu. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inathamangitsira anthu ambiri m'midzi ya m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke, ndipo ambiri anakasungidwa ku Ukwimi. Nkhondoyo inatha mu 1992, chaka chimene Marlene anamwalira. Funsani agogo anu akuuzeni mmene analandirira alendo amenewo.

Tsono tibwerere ku funso lathu. Dziko ndi chinthu china, wolamulira dziko ndi chinthu chinanso. Marlene sanaleke kukhala Mjeremani. Analankhula Chijeremani, anaimba m'Chijeremani, ndipo anafuna kugona m'dothi la kwao. Chimene anakana ndicho kubwereketsa mau ake kwa anthu amene anali kupha anzao m'dzina la dzikolo. Mwa inu amene mukumvera lero muli ena amene adzakhala oimba, olemba, aziphunzitsi ndi olankhula pa wailesi. Tsiku lina wina wamphamvu adzafuna kugula luso lanu, ndipo mtengo wake udzaoneka wabwino. Pa tsikulo mudzayambe mwafunsa kuti mau anu akukagwira ntchito yanji, ndipo adzalira nao ndani.

Nawa mafunso oti mukambirane ndi aphunzitsi anu. Loyamba: Marlene akadabwerera ku Germany mu 1937, akadapindula chiyani, ndipo akadataya chiyani? Lachiwiri: n'chifukwa ninji asilikali a mbali zonse ziwiri anakonda nyimbo ya Lili Marleen? Lachitatu: pemphani amai kapena agogo anu akuimbireni nyimbo imodzi ya pamtondo, muilembe m'kope mwanu, ndipo mufotokoze amene nyimboyo ikumdzudzula ndi chifukwa chake.

Tsalani bwino, ana inu, mpaka tidzakumanenso m'nkhani yotsatira.